Nsomba zili kale m'thanki yatsopano ndipo amoniya wakwera, ndisinthe madzi kapena ndisiye?

Wofunsa:

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru, mutu waima. Lero ndi tsiku la 9 chiikireni nsomba m'thanki yanga yatsopano ya malita 60. Wogulitsa anandiuza kuti ndithire madzi, ndiyatse fyuluta, pakapita masiku awiri ndibwere kudzatenga nsomba. Ndinachitadi zomwezo. Ndinatenga ma zebra danio 6, ma guppy 4 ndi ma corydoras 3, zonse tsiku limodzi. Zoti thanki imayamba yakhwima kaye, kutanthauza kuti muswane mabakiteriya odya amoniya (poizoni amene nsomba zimatulutsa), zimene ena akuti cycling, ndazimva nsomba zili kale m'madzi.

Dzulo m'mawa guppy imodzi ndaipeza itafa. Zitatu zotsalazo zikungokhala pamwamba, kukamwa yasamu yasamu, zipsepse zitapinda. Ma danio okha ndiye akuthamangabe ngati kulibe chachitika. Ndagula zoyezera madzi zija za madontho, ndipo zatuluka motere: amoniya 1.0 ppm (mamiligalamu pa lita), nitrite 0.25, nitrate 0, pH (muyezo wa asidi m'madzi) 7.8. Madzi ali pa madigiri 26.

Ndiulule ziwiri musanandifunse. Pa tsiku la 5 madzi anachita mbuu ngati mwadontha mkaka, ndiye ndinachotsa siponji ya m'fyuluta n'kuitsuka bwinobwino pampopi. Chachiwiri, ana amakonda kuzidyetsa, moti zimadya katatu patsiku, mwinanso kanayi ine ndikachokapo.

Pomwe ndasokonezeka ndi apa. Wina akuti ndisinthe theka la madzi tsiku lililonse. Wina akuti ndisakhudze madzi ngakhale pang'ono, chifukwa ndikataya madzi ndiye kuti ndataya mabakiteriya ndipo thanki sidzakhwima. Ndimvere uti?

Woyamba kuyankha:

Sinthani madzi lero lomwe achimwene, theka lathunthu, musadikire mawa. Zina tikambirana nsomba zikupuma.

Amene akukuletsaniyo akuganiza kuti mabakiteriya amayandama m'madzi. Mabakiteriya amene mukuwafunawo amamatirira pa zinthu: m'siponji ya fyuluta makamaka, pa timiyala ta pansi, pa galasi. Madzi mungawataye kangati, iwo amatsala pomwe akakamira. Chimene chinawapweteka ndi mpopi uja wa tsiku la 5, chifukwa klorini wa m'madzi a pampopi ntchito yake ndi kupha tizilombo, ndipo sasankha kuti aka n'kabwino. Mwina simunawamalize onse, koma ochepa amene anali atayamba kuswana munawabweza m'mbuyo. Kuyambira pano siponji musaikhudze mpaka madzi atayamba kutuluka mofooka m'fyuluta. Zikatero muifinye pang'ono m'chidebe cha madzi amene mwachotsa m'thanki, basi. Utoto wa bulauni uli pa siponjiwo si litsiro loti muzilimbana nalo.

Wofunsa:

Zikomo akulu. Koma ngati mabakiteriyawo amadya amoniya, ndikamachotsa amoniya ndi madzi sindiwapha ndi njala?

Woyamba kuyankha:

Ayi. Nsomba 12 zikutulutsa amoniya usana ndi usiku, kudzera m'zopumira zake za m'mbali mwa mutu komanso m'ndowe, kuphatikizapo chakudya chotsala chimene chikuwola pansi. Choyezera chikaonetsa amoniya, ngakhale 0.25, ndiye kuti chakudya chawachulukira kale mabakiteriya amene alipo. Chikuwachedwetsa si njala, ndi kaswanidwe kawo. Awa amatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti mmodzi agawike n'kukhala awiri, pamene mabakiteriya a mtundu wina, amene anachititsa madzi anu mbuu, amagawika m'mphindi zowerengeka. N'chifukwa chake thanki imatenga milungu 4 mpaka 6 kuti ikhwime, nthawi zina kupitirira. Amoniya wa 1.0 sawafulumizitsa kuswana, amangowotcha zopumira za nsomba.

Membala wina:

Ine thanki yanga ndinangothira madzi ndi nsomba tsiku lomwelo, sindinayezepo chilichonse, zaka zitatu tsopano nsomba zilipo. Zoyezayeza izi zimangokuwonjezerani nkhawa. Madzi akayera ndiye kuti zili bwino.

Mayi wina wa m'gulu:

Bambo, mwina munayamba ndi nsomba ziwiri m'thanki yaikulu, kapena munali ndi zomera zambiri, ndiye zinakuyenderani. Mnzathuyu ali ndi 12 m'malita 60 ndipo imodzi yafa kale. Komanso amoniya ndi nitrite alibe mtundu. Madzi atha kuwala ngati galasi nsomba zikufa momwemo.

Kwa inu wofunsa, pH yanu ya 7.8 ndi imene yandidetsa nkhawa kuposa 1.0 uja. Amoniya m'madzi amakhala m'mitundu iwiri, NH3 amene ndi poizoni weniweni ndi NH4+ amene sapweteka kwambiri, ndipo choyezera cha madontho chimawerenga zonse pamodzi. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7, gawo limodzi lokha pa magawo pafupifupi 200 ndi limene limakhala NH3. Pa pH 8 limakhala gawo limodzi pa 20. Kukwera kwa pH ndi nambala imodzi kwachulukitsa poizoni kakhumi. Inu muli pafupi ndi 8, ndiye 1.0 wanu si wofanana ndi 1.0 wa munthu amene madzi ake ali pa 6.8.

Koma chonde musathamangire mankhwala otsitsa pH. Kuikweza ndi kuitsitsa pH mwadzidzidzi kumazunza nsomba kuposa kuisiya pomwe ili, ndipo mabakiteriya athuwa amaswana bwino pa pH ngati yanuyo. Chepetsani amoniya, pH muisiye.

Chinanso, yezani madzi a pampopi panu musanawathire. Malo ena amathira chloramine m'malo mwa klorini wamba. Ameneyu sauluka ngakhale madzi agone m'chidebe masiku awiri, ndipo mankhwala ochotsa klorini akamuphwanya amasiya amoniya m'madzimo.

Wofunsa:

Mayi mwalasa. Ndayeza a pampopi, akuonetsa 0.25. Ndiye kusintha madzi kuli ndi phindu lanji ngati ndikuthiramonso amoniya?

Mayi wina wa m'gulu:

Phindu lilipo, tangowerengani. Mukachotsa theka la madzi a 1.0 n'kuthiramo a 0.25, mutsala ndi 0.6 ndi kakang'ono. Madzulo mukabwereza mufika cha pa 0.4, kuphatikiza kamene nsomba zawonjezera masana. Pa 0 simufika ndi madzi amenewo, ndipo pakadali pano 0 si amene tikumufuna. Cholinga n'choti amoniya ndi nitrite aliyense asapitirire 0.5, ndipo ndi pH yanuyo ine ndikanakonda amoniya azikhala cha pa 0.25. Thanki ikadzakhwima, 0.25 wa pampopiyo fyuluta izidzamumaliza m'maola ochepa.

Madzi atsopano muziwathira kaye mankhwala ochotsa klorini ali m'chidebe, ndipo atenthe mofanana ndi a m'thanki. Dzanja limanama, gwiritsani choyezera kutentha. Pothira musakhuthule chidebe chonse kamodzi, ma corydoras ali pansipo.

Membala wachinayi:

Gulani mankhwala ochotsa klorini otchedwa Seachem Prime, nkhani yatha. Mamililita 5 pa malita 200, ndiye kwa inu ndi 1.5 basi. Amamanga amoniya ndi nitrite kwa tsiku limodzi kapena awiri. Muthirenso mchere, supuni imodzi pa malita 10 alionse.

Woyamba kuyankha:

Prime ndimagwiritsa nanenso, klorini ndi chloramine amachotsa bwino. Zomanga amoniyazo ndi zimene opanga amanena, ndipo oweta nsomba amatsutsana nazo mpaka lero. Ine ndimamutenga ngati wothandizira kusintha madzi, osati wolowa m'malo mwake. Dziwaninso kuti mukamuthira choyezera cha madontho chizionetsabe amoniya, ndiye simungadziwe ndi maso kuti wagwira ntchito kapena ayi. Chimene mungachione ndi maso ndi nambala kutsika mukasintha madzi.

Za mchere, nzeru yake ndi yoona koma muyezo mwauchulutsa kwambiri. Nitrite amalowa m'magazi kudzera m'zopumira n'kuwononga mphamvu ya magazi yonyamula okosijeni, moti nsomba imabanika ngakhale madzi ali ndi mpweya wokwanira, ndipo zopumira zimatha kusanduka zabulauni. Chloride wa mu mchere amalimbirana naye khomo lomwelo, ndiye nitrite amalowa wochepa. Pa ntchito imeneyi pamafunika mchere wochepa zedi: pa nitrite wa 1 ppm, galamu imodzi kapena awiri m'malita 60 onsewo akwana. Supuni pa malita 10 alionse ndi muyezo wochizira matenda ena, ndipo ma corydoras sagwirizana ndi mchere wambiri chotero. Amoniya ndiye mchere sumukhudza n'komwe.

Adimini wa gulu:

Zambiri anzanga anena kale, ine ndingowonjezera zimene zatsala.

Chakudya chibisike. Ndikunena zenizeni, chiikeni pomwe ana safikira. Dyetsani kamodzi pa masiku awiri, kochepa koti kathe m'mphindi imodzi, ndipo kotsala mukachotse. Nsomba yathanzi sifa ndi njala ya tsiku limodzi, koma chilichonse cholowa m'kamwa mwake chimatuluka ngati amoniya. Anawo apatseni ntchito ina, yowerenga madontho poyeza kapena yolemba manambala m'kope, amaikonda.

Fyuluta isazime usiku. Ndaonapo anthu ambiri akuizimitsa chifukwa cha phokoso, osadziwa kuti mabakiteriya a mmenemo amafuna madzi oyenda okhala ndi okosijeni. Popeza ma guppy akuyasamula pamwamba, kwezani potulukira madzi kuti pamwamba pazigwedezeka, kapena muikemo pampu ya mpweya.

Njira yachidule yeniyeni ilipo imodzi: kupempha chidutswa cha siponji yakale kwa munthu amene thanki yake yakhala miyezi yambiri nsomba zosadwala. Muchinyamule chili m'madzi a m'thanki yakeyo, chisaume, n'kuchilowetsa m'fyuluta yanu tsiku lomwelo. Madzi okha a m'thanki yake musavutike nawo, mulibe kanthu. Mabakiteriya a m'botolo nthawi zina amathandiza, nthawi zina mumangothira madzi odula, zimatengera mmene botololo lasungidwira. Zomera zokula msanga monga hornwort, kapena pothos mizu yokha ili m'madzi masamba ali kunja, nazo zimamwa amoniya ndithu.

Ndipo ngati wogulitsayo angavomere kusunga ma corydoras kwa mwezi umodzi, abwezeni kaye. Ma danio ndi olimba, apirira. Ma corydoras ndi ma guppy a masiku ano si olimba choncho.

Konzekeraninso mtima, chifukwa chovuta chili kutsogolo. Gulu loyamba la mabakiteriya, monga Nitrosomonas, likayamba kugwira ntchito, amoniya atsika ndipo mudzasangalala. Pomwepo nitrite adzakwera kwambiri, chifukwa 1 ppm ya amoniya imasanduka pafupifupi 2.7 ppm ya nitrite, ndipo gulu lachiwiri, Nitrospira, limene limasandutsa nitrite kukhala nitrate, limabwera mochedwa. Anthu ambiri amataya nsomba pa nthawi imeneyi, atasiya kuyeza poganiza kuti zatha.

Wofunsa:

Ndabweranso abale, lero tsiku la 23. Ma corydoras anakana kuwalandira, ndiye ali nane, onse atatu amoyo. Guppy ina inafa pa tsiku la 11, ziwiri zotsalazo zatambasula zipsepse ndipo zikudya. Siponji yakale sindinaipeze. Ndakhala ndikusintha madzi tsiku lililonse, masiku ena kawiri, msana ukudziwa. Amoniya ali pa 0 kwa masiku anayi tsopano. Koma nitrite, monga ananenera adimini, m'mawa uliwonse ndikumupeza pa 1.0, ndikasintha madzi atsika, mawa wabwereranso. Nitrate akuonetsa 10. Kodi 10 ameneyu ndiye kuti ndayandikira? Ndipo pH yatsika kufika 7.4, ndide nkhawa?

Mayi wina wa m'gulu:

Mwagwira ntchito bambo, ma corydoras atatu kupulumuka si zamasewera. Koma 10 ameneyo musamukhulupirire kwambiri panopa. Choyezera nitrate chimayamba chasandutsa nitrate kukhala nitrite kenako n'kuwerenga, ndiye nitrite amene ali kale m'madzi amakweza nambalayo. Yezaninso a pampopi, mwina nitrate wina akuchokera komweko. Ngati zoyezera zanu ndi za kampani ya API, botolo lachiwiri la nitrate muzilikhutchumula masekondi 30, kachubu mphindi imodzi, n'kudikira mphindi 5, apo ayi likupatsani nambala yotsika.

Kutsika kwa pH ndi chizindikiro choti mabakiteriya akugwira ntchito, chifukwa akamasintha amoniya amatulutsa asidi n'kumadya KH ya m'madzi, imene ndi mphamvu ya madzi yoletsa pH kutsika. Pa 7.4 palibe vuto, ndipo madzi atsopano amene mukuthira akubwezeretsa KH. Mudzade nkhawa ikadzayandikira 6, pamene iwo amayamba kufooka.

Nitrite ameneyu amatha modabwitsa. Amakakamira mlungu kapena iwiri, kenako tsiku lina mudzayeza n'kupeza kachubu kali buluu, mpaka kukayikira ngati mwadontheza bwino. Zikadzatero musiye kusintha madzi koma muziyezabe tsiku lililonse. Amoniya 0 ndi nitrite 0 kwa masiku 7 otsatizana, nitrate akukwera pang'onopang'ono, pamenepo thanki yakhwima. Mukatero muyambe kusintha kotala la madzi pa mlungu kuti nitrate asamapitirire 20 kapena 40, ndipo chakudya muziwonjezera pang'onopang'ono, osabwerera ku katatu tsiku limodzi.

Wofunsa:

Ndamva. Ana akufunsa kale kuti ma guppy awiri aja tiwabwezeretsa liti.

Adimini wa gulu:

Auzeni awerenge masiku 7 a ziro m'kope muja, kenako milungu ina iwiri. Ndipo mukadzagula, yambani ndi ma corydoras, chifukwa amakonda kukhala 6 kapena kuposa, ndipo muziika atatu okha pa ulendo umodzi. Ngati ma guppy otsalawo ali yaimuna ndi yaikazi, amenewo musagule, akupatsani okha.