Cable car yakalamba kuphiri: tigule tramway yatsopano kapena tikonze yomweyi?

Wokonda Mapiri:
Abale anzanga, ndabwera ndi funso, makamaka kwa inu odziwa za makina ndi za ndalama. Ku Germany, paphiri la Zugspitze, lomwe ndi lalitali kuposa mapiri onse m'dzikolo (mamita 2,962), kunali cable car (makina okweza anthu paphiri m'chibokosi cholendewera pachingwe) yochokera kunyanja ya Eibsee imene inayamba kuyenda mu 1963. Mu 2017 eni ake anaichotsa n'kuikapo tramway (cable car ya zibokosi ziwiri zopita n'kubwera) yatsopano ya ma euro pafupifupi 50 miliyoni. Chibokosi chakale chinkanyamula anthu 44, chatsopanochi chimanyamula 120, ndipo pa ola limodzi pakhoza kukwera anthu 580. Ine ndikuona kuti anachita bwino. Koma mapiri ambiri amene ali ndi makina a zaka 50 kapena 60 alibe thumba lotere. Ndiye tiyerekeze kuti muli m'bodi ya kampani yoyendetsa cable car yakale, ndipo akubweretserani pepala loti musainire kugula yatsopano. Musaina?

Fitala Wopuma:
Achimwene, tiyambe tagwirizana kaye chimene chimakalamba pa makina amenewa. Ntchito yanga inali ya makina okweza katundu ndi zingwe zachitsulo, ndiye ndinenako zimene manja anga akudziwa. Tramway imakhala ndi zingwe za mitundu iwiri. Pali zikuluzikulu zosasuntha, zomwe mawilo a chibokosi amayendapo, ndiye pali chingwe chokoka chomwe mota imazunguza. Zibokosi zimakhala ziwiri pachingwe chokokacho: china chikamakwera chinzake chikutsika, ndipo kulemera kwa chotsikacho kumathandiza kukoka chokweracho.

Tsono chingwe chokoka sichikhala chomwe anayamba nacho ayi, chimasinthidwa nthawi yake ikakwana. Zikuluzikulu zija nazo amazisendeza pakapita zaka, kuti mbali imene yakhala ikupindika pamwamba pa nsanja yochirikiza zingwe ichoke pamenepo. Amaziyezanso ndi chipangizo cha maginito chimene chimakumbatira chingwe. Waya mmodzi akaduka m'kati, komwe diso silifika, mzere wa pakompyuta umadumpha, ndipo woyezayo amaika chizindikiro pamalopo.

Zimene zimapha makina akale ndi zina: giyabokosi, mabokosi a magetsi, simenti ya pansi pa nsanja, koma makamaka masipeya. Kachipangizo kamodzi kapsa, mukafunsa mupeza kuti fakitale inasiya kupanga kalekale, ndipo munthu amene ankadziwa kukakonza anapuma kapena anatisiya. Makina onse aima milungu chifukwa cha kanthu kokwana m'thumba la shati. Zikafika pamenepo, ine ndimati gulani.

Mayi Wamabuku:
A Fitala ndakumvani, koma ine sindingasaine msanga. Mtengo umene amalemba papepala si wonse. Nanga miyezi imene phiri likhale lotseka? Ku Jackson Hole, ku Wyoming m'dziko la America, tramway ya 1966 inaima mu 2006, yatsopano n'kudzatsegulidwa mu Disembala 2008 itadya madola pafupifupi 31 miliyoni. Nyengo ziwiri zachisanu zinadutsa opanda tramway. Iwo anapirira chifukwa ali ndi makina ena ambiri okwezera anthu paphiripo. Kampani imene ili ndi chingwe chimodzi chokha, nthawi yonseyo matikiti sakugulitsidwa, antchito akudikira malipiro, banki nayo chiwongola dzanja chake sichiima.

Ndiye ngongoleyo adzabweza ndani? Ndi wokwera, kudzera pa tikiti. Banja limene linkakwanitsa kukwera lonse lidzayamba kuwerenga kuti apite ndani, atsale ndani.

Wokonda Mapiri:
Mayi, ku Zugspitze sanatseke nthawi yaitali chomwecho. Anayamba kumanga mu 2015 yakale ikuyendabe pambali, anaiimitsa chakumayambiriro kwa 2017, pofika Disembala chaka chomwecho yatsopano inali ikunyamula anthu.

Mayi Wamabuku:
Zoona achimwene, koma phiri limenelo lili ndi njira zina. Kuli sitima yokwera phiri ya 1930, kulinso cable car ina yochokera ku Ehrwald, mbali ya Austria. Pamwamba panali pakufikabe anthu. Musayese phiri lililonse ndi muyeso wa Zugspitze.

Wophunzira Uinjiniya:
Akuluakulu, ndiloleni ndilowepo. Kwa ine nkhaniyi ndi ya moyo wa anthu, ndalama zibwere pambuyo. Pa 23 Meyi 2021, ku Italy, chibokosi cha cable car yochokera ku Stresa kupita paphiri la Mottarone chinagwa ndipo anthu 14 anafa, anapulumuka mwana mmodzi yekha. Makinawo anali a 1970. Kodi izi sizikwanira kutiuza kuti makina a zaka 50 asamanyamulenso anthu?

Fitala Wopuma:
Mwana wanga, wachita bwino kutchula Mottarone, chifukwa nkhani imeneyi imandipweteka mtima mpaka lero. Koma tiyeni tiione bwinobwino. Chingwe chokoka chinaduka chibokosi chili pafupi kufika pamwamba, zimenezo n'zoona. Komatu opanga makinawo anaganizira kale za tsiku loterolo. Pamwamba pa chibokosi, pamene pali mawilo, panali buleki yadzidzidzi. Chingwe chokoka chikangolekerera, buleki imeneyo imaluma chingwe chachikulu chija, chibokosi n'kuima pomwepo, anthu n'kudikira owatsitsa. Tsiku limenelo buleki sinalume chifukwa anali ataitsekereza dala ndi chitsulo. Inkavuta, kumagwira yokha n'kumaimitsa makina, ndiye m'malo motseka kuti apeze vuto, anaimanga kuti anthu azikwerabe. Chibokosi chinabwerera chafutambuyo mwaliwiro mpaka kuchoka pachingwe. Ndipo makina amenewo anali atakonzedwa kwambiri pakati pa 2014 ndi 2016.

Ukamugulira tramway yatsopano munthu wa mtima umenewo, nayonso adzapeza poitsekereza. Ine ndinaonapo ndi maso anga, kumalo ena komwe ndinkagwira ntchito, switchi yachitetezo italumikizidwa ndi kawaya kuti alamu isamalire, chifukwa bwana sankafuna kumva zoti makina aima. Kawaya kofiira, kotalika ngati chala, atakapinda bwinobwino n'kukabisa kuseri kwa chivundikiro. Makinawo sanali akale n'komwe. Ndiye ngati m'bodi mwanu mukugula chifukwa cha mantha okha, yambani mwafunsa kuti kodi fitala wanu ali ndi mphamvu yotseka makina tsiku la tchuthi, mzere utadzaza, popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.

Wophunzira Uinjiniya:
Ndamva bambo, zikomo. Komabe makina atsopano ali ndi masensa ambiri, ndipo kompyuta imalemba chilichonse chimene chachitika. Kubisa vuto kumavutirapo.

Fitala Wopuma:
Pamenepo ndikuvomereza, ndipo ndi phindu lenileni. Koma atsopano nawo amaona zawo. Ku Zugspitze komweko, mu Seputembala 2018, chaka chisanathe chitsegulireni, ali pa ntchito yoyeserera kupulumutsa anthu, chingolo chopulumutsira chinatsetsereka pachingwe n'kukawomba chibokosi chopanda anthu. Palibe anavulala, koma tramway inaima mpaka Disembala.

Mlongo Woyendayenda:
Ine za mabuleki sindilowererapo, ndinena monga wokwera. Ndinakwerapo ya ku Table Mountain ku Cape Town. Inatsegulidwa mu 1929, ndipo mu 1997 anaikonzanso kwambiri, njira n'kukhala yomweyo koma zibokosi zatsopano zonyamula anthu 65. Pansi pomwe mwaimapo pamazungulira pang'onopang'ono, moti simulimbirana zenera. Muyamba mukuona mzinda ndi nyanja, kenaka mwala wa phiri uli pafupi ndithu, mpaka kumaona tizomera tomera m'ming'alu. Pansi pa chibokosicho palinso thanki ya madzi, yothandiza kuti chisagwedezeke kwambiri ndi mphepo, ndipo madzi omwewo amakagwira ntchito pamwamba. Zimenezi zinandisonyeza kuti pakati pa kusiya zakale ndi kugwetsa zonse pali njira ina.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamwamba paphiri. Walira mvula walira matope. Mukakweza anthu 580 pa ola, onsewo afuna chimbudzi, madzi, pokhala, potaya zinyalala. Nsonga ya phiri siikula chifukwa chakuti chibokosi chakula. Timaluwa ta pamwamba tikapondedwa sitimera msanga. Ndalama zokulitsira zonsezi zili m'pepala lija, kapena zidzatulukira pambuyo?

Wokonda Mapiri:
Achemwali, nkhawa yanu ndaimva, koma pali anthu amene sitinawatchule. Masiteshoni ambiri akale ali ndi masitepe, zitseko za chibokosi n'zopapatiza, ndipo pakati pa chibokosi ndi pokwerera pamakhala mpata. Munthu wa panjinga ya olumala, agogo oyenda ndi ndodo, mayi wokankha mwana, onsewa amathera pansi n'kumangoyang'ana m'mwamba. Achinyamata amphamvu akhoza kukwera phiri ndi miyendo, makina alipo kapena palibe. Amene amafunikiradi chingwe ndi awo amene miyendo singawafikitse. Ngati makina akale akuwasiya, kwa ine chimenecho chokha n'chifukwa chachikulu.

Pa zachilengedwe, kumbukiraninso kuti ku Zugspitze yakale inali ndi nsanja ziwiri, yatsopanoyi ili ndi imodzi yokha ya mamita 127. Kuchoka pansanjayo kukafika pamwamba, chingwe chimadutsa mamita 3,213 osagunda kanthu.

Mayi Wamabuku:
Za anthu olumala mwandigwira mtima achimwene, sinditsutsa. Koma zitseko ndi masitepe zimakonzeka ndi zibokosi zatsopano ndi kumanganso pokwerera. Sizifuna kuti mugule chilichonse kuyambira pansi.

Ndiwonjezere china chimene anthu saganizira. Ogulitsa makinawa ndi ochepa kwambiri. Akuluakulu ake ndi Doppelmayr ya ku Austria, yomwe inaphatikizana ndi Garaventa ya ku Switzerland mu 2002, ndiye Leitner ya ku Italy ndi Poma ya ku France, zomwe zili m'gulu limodzi. Mukaitanitsa mitengo musayembekezere makalata khumi. Ndipo mukagula, mwalowa ubale wa zaka makumi angapo, chifukwa masipeya, mapulogalamu a kompyuta ndi akatswiri zidzachokera komweko. A Fitala adandaula kuti sipeya yakale sipezeka. Chabwino, koma chitsulo chakale munthu waluso akhoza kuchisula. Bolodi ya kompyuta ikapsa mudikira ya kufakitale, pa mtengo umene iwo anena.

Fitala Wopuma:
Mayi, kusula kumatheka pa zina. Pa chitsulo chimene chanyamula miyoyo ya anthu, oyendera zachitetezo ndi a inshulansi adzafuna pepala losonyeza komwe chachokera ndi mmene anachiyezera. Popanda pepalalo makina sayenda, ndipo ine ndikugwirizana nawo.

Wophunzira Uinjiniya:
Funso lina. Ngati vuto ndi mzere wautali, bwanji osagula gondola m'malo mwa tramway? Tramway ili ndi zibokosi ziwiri zokha zopita n'kubwera, ndiye njira ikatalika, anthu okwera pa ola amachepa. Gondola imakhala ndi tizibokosi tambiri tozungulira osaima, ndipo imatha kunyamula anthu masauzande pa ola. Ku La Paz, ku Bolivia, chiyambire 2014 anthu amapita kuntchito pa tizibokosi ta anthu 10.

Fitala Wopuma:
Waganiza bwino mwana wanga, ndipo pamapiri otsetsereka pang'onopang'ono ambiri akusankha zimenezo. Koma gondola ya chingwe chimodzi imafuna nsanja zambiri zoyandikana. Pamene pali phompho kapena mwala woima chilili, nsanjazo muziika pati? Zugspitze kuchoka pansi kufika pamwamba ndi mamita 1,945, mbali yaikulu ndi mwala wokhawokha. Kachibokosi kakang'ono kopachikika pachingwe chimodzi kamagonjanso msanga ku mphepo kusiyana ndi chibokosi cholemera choyenda pazingwe ziwiri. Ilipo gondola ya zingwe zitatu imene imapirira mphepo n'kudutsa mipata yaitali, koma mtengo wake Mayi Wamabuku sangaukonde.

Mlongo Woyendayenda:
Mphepoyo isaiwalike. Ya ku Table Mountain, ndi thanki yake yomwe ija, mphepo ikakula amatseka ndithu. Yatsopano ikhoza kuchepetsa masiku otseka, koma kuwathetsa ayi.

Wokonda Mapiri:
Ndiye Mayi, tinene kuti inu simungasaine zivute zitani?

Mayi Wamabuku:
Ayi, sindinatero. Ndikanakhala m'bodi ndikanapempha kuti andibweretsere kaundula wa masiku onse amene makina anaima m'zaka zapitazi, atalemba chifukwa chake tsiku lililonse. Ngati ambiri ndi a mphepo, sindisaina, chifukwa ndidzakhala ndi ngongole mphepo ikuwombabe. Ngati ambiri ndi odikira masipeya, tikambirana. Ndikanafunanso kudziwa kuti ndi masiku angati pachaka amene anthu amabwerera pageti chifukwa cha mzere. Mzere wa masiku a tchuthi okha sungabweze ngongole ya zaka 30, ndipo chibokosi cha anthu 120 choyenda ndi anthu 9 pakati pa sabata chimafuna antchito ndi kukonza chimodzimodzi. Ku Zugspitze anthu ankadikira nthawi yaitali, ndiye kumeneko ndikanasaina. Kwina ndikanayamba ndafunsa mtengo wa mota, magetsi ndi zibokosi zatsopano pa nsanja zomwezo.

Wokonda Mapiri:
Ine ndikanasainabe, malinga masiteshoni atsopanowo akhale oti munthu wa panjinga alowe yekha popanda womunyamula. Koma kaundula wanuyo ndikanafuna kumuona nanenso.

Fitala Wopuma:
Mayi, musanafunse mtengo wa mota yatsopano pa nsanja zakale, muitane kaye injiniya wapadera, wosachokera kukampani yogulitsa kapena yoyendetsa. Aboole simenti ya pansi pa nsanja ndi ya kusiteshoni ya pamwamba, atengeko zidutswa akaziyeze. Madzi akalowa m'ming'alu n'kumaundana ndi kusungunuka chaka ndi chaka, simenti imafumbutuka m'kati kunja kukuoneka bwino, ndipo zitsulo za m'katimo zimachita dzimbiri. Zibokosi zatsopano nthawi zambiri zimalemera kuposa zakale, ndiye katundu yenseyo akatsamira pomwepo. Lipoti likanena kuti simenti yatha, zokonza pang'onopang'ono zija muziiwale. Mutsala ndi kugula yatsopano kapena kutseka.