Ana a ku Mchinji ku Joni: transmitter ya pa thanki ikuonetsa ziro

Wa ku Kamwendo: Akuluakulu mwaswera bwanji? Abwana andipatsa transmitter ya pressure, kachipangizo koyeza kuchuluka kwa madzi, kuti ndimange pansi pa thanki ya madzi kuno ku Germiston. Ili ndi mawaya awiri okha. Nanga magetsi alowera pati, signal itulukira pati? PLC, kompyuta yoyendetsa makina, ikungoonetsa ziro.

Achimwene a ku Durban: Mng'ono wanga, mawaya awiriwo amanyamula zonse, magetsi ndi signal yomwe. + ya 24V DC ipite pa + ya transmitter. - ya transmitter ipite pa AI+ ya PLC (AI ndi polowera signal). Ndiye AI- ibwerere ku 0V ya power supply. Zimazungulira ngati tcheni cha njinga, chikaduka pamodzi basi njinga yaima.

Wa ku Kapiri: Koma onani kaye khadi la PLC-lo, lomwe mawayawo amalowapo. Makadi ena amapereka okha 24V, mukaonjezera ina yapanja mutha kuwotcha channel. Ine zinandichitikira, mpaka pano zimandiwawa. Zimitsani magetsi musanagwire waya.

Achimwene a ku Durban: Zoona mlamu. Komanso ziro ameneyo akukuuza kanthu, paja signal ya transmitter imayezedwa mu mA (milliamps). Thanki ikakhala yopanda madzi umapeza 4 mA, osati 0. Ukaona 0 mA, waya waduka kapena watembenuza + ndi -. Pamwamba pa range ndi 20 mA, pakati ndi 12. Werenganso range pa thupi la transmitter: madzi okwera mamita 10 ndi pafupifupi 1 bar. Ukaika ya 10 bar pa thanki yaifupi, nambala izingoyendayenda pafupi ndi 4.

Wa ku Kamwendo: Ndiyeze bwanji ndi multimeter?

Wa ku Kapiri: Masulani waya umodzi, mita ilowe pakati pamenepo ili pa mA. Musaigunditse pa + ndi 0V, fyuzi yake ipsa. Khadi likakhala la volts, ikani resistor ya 250 ohm, mupeza 1 mpaka 5V.

Achimwene a ku Durban: Shield ya kebulo, chitsulo chokuta mawaya a mkati, umange ku earth mbali imodzi yokha, ya ku panel. Ndipo kebuloyo isagone limodzi ndi ya VSD (chowongolera liwiro la mota), nambala zimavinavina.

Wa ku Kamwendo: Ndinatembenuzadi mawaya! Pano 11.8 mA, madzi ali pafupi theka. Zikomo akulu anga. Disembala ndikapita kumudzi ndikamanga ina pa thanki ya mpope wa sola wa amalume ku Mkanda, asamakwerenso makwerero pothirira nazale ya fodya.

Wa ku Kapiri: Mukagule ya range yaing'ono, ndipo mukatenge kebulo ya shield konkuno.