Thandizeni posankha vacuum yoimirira ija

Moni abale, ine ndili kuno ku Dedza boma, ndikufuna kugula vacuum (makina oyamwa fumbi aja) koma mutu waima. Nyumba yathu pabalaza ndi kuchipinda kuli kapeti, kukhitchini ndi pakolido ndi matailosi, ndiye ndi kuzizira kwa kunoku kapetiyo sitingachotse ayi, koma fumbi lake ikafika October tsache limangoliulutsa basi, mwana wanga amangoyetsemula usiku onse.

Ndikufuna yoimirira ija yongokankha, msana wanga sufuna zowerama. Ndamva kuti burashi yozungulira ya pansi ija pa kapeti imagwira bwino ntchito koma pa matailosi imamwaza mchenga komanso kukanda, ndiye zilipo zoti burashiyo umatha kuizimitsa? Nanga pakati pa ya thumba ndi yopanda thumba yabwino ndi iti, poti matumbawo ndikaona ngati kuwasaka kwake mpaka ku Lilongwe, pomwe inayo akuti umangokhuthula nkutsuka fyuluta. Za fyuluta ya HEPA zija, yogwira ngakhale tifumbi ting'onoting'ono, zimathandizadi pa chifuwa kapena ndi zongokwezera mtengo?

China ndi magetsi, mmene akumathimiramu ndimaganiza ya batire koma akuti siichedwa kutha mphamvu, batire ikafa ndiye kuipeza kuti? Achimwene anga ali ku Joni akuti atha kutumiza pa basi, pulagi yake ndi yozungulira ija koma adaputa ilipo, za kaunjika zochokera ku America ndiye ndikuopa poti ndi za 120V pomwe ife ndi 230V.

Amene muli nayo ndiuzeni mtundu wake, munagula kuti, ndipo ikawonongeka amakonza ndani kuno kapena ku Ntcheu?