Ngongole ya boma ya ana a ku yunivesite: ndani amalandira?

Amake Tisa, Matero: Akuluakulu, thandizeni. Mwana wa achemwali anga ndi wamasiye, wamaliza Giredi 12 ndipo wapeza malo ku UNZA, yunivesite ya Zambia. Kodi basale ya boma ikadalipo? Tiyambire pati?

Aphunzitsi a ku Chilenje: Amake Tisa, choyamba dziwani kuti si basalenso ayi, ndi ngongole. Ana amangoitchula BC chifukwa kale inkaperekedwa ndi Bursaries Committee, koma lamulo la 2016 linakhazikitsa HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro, m'malo mwake. Mwana ayenera kukhala nzika ya Zambia, wokhala ndi NRC yobiriwira, ndipo akhale ndi kalata yomulandira ku yunivesite ya boma monga UNZA, CBU, Mulungushi kapena Chalimbana. Amaonanso chaka chimene anamaliza Giredi 12. Zaka zovomerezeka amazilemba pa chilengezo cha chaka chimenecho, ndiye muwerenge chatsopano, osadalira cha chaka chatha.

Konzani makope a NRC, zotsatira za mayeso ndi kalata ya ku yunivesite, onse odindidwa ndi Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kutsimikiza zikalata. Poti ndi wamasiye, ikanipo zikalata za imfa ya makolo, komanso pitani ku ofesi ya Social Welfare akalembe za umoyo wa pakhomo. Ambiri amagwera apa: amangolemba kuti "ndine wamasiye" popanda pepala, ndipo wowerenga fomu alibe poyambira. Onaninso dzina. Likasiyana kalembedwe pa NRC ndi pa satifiketi, konzani msanga ndi afidaviti, kalata yolumbira.

Malume wa ku Kabwata: Ndiwonjezepo. Si onse amapatsidwa 100 peresenti. Ena amalandira 75 kapena 50 ya fizi, yotsalayo ndi ya banja, ndipo ikapanda kulipidwa mwana amavutika kulembetsa semesita. Ndalama ya chakudya inachotsedwa mu 2019, inabwezedwa mu 2023, koma musaiyese mphatso, nayonso imalowa m'ngongole. Akamaliza maphunziro amapatsidwa chaka chimodzi, kenako kubweza kumayamba ndi chiwongola dzanja, ndipo akalembedwa ntchito amadula pa malipiro. Mumuuze mwanayo zimenezi asanasaine, chonde.

Amake Tisa, Matero: Zikomo malume. Nanga akakanidwa, CDF, ndalama ya chitukuko cha m'dera, singathandize?

Aphunzitsi a ku Chilenje: Khomo lake ndi lina, mayi. Basale ya CDF ndi ya ana a sekondale yogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja m'makoleji olembetsedwa ndi TEVETA (bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja), monga Evelyn Hone. Imeneyo sibwezedwa, ndipo fomu imadzera ku Ward Development Committee ya kwanu. Digiri ya ku UNZA siilowamo. HELSB ikamukana, alembe apilo ndi kuikapo mapepala amene anasowa poyamba. Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti dzina lituluke, musamupatse. Fomu ya HELSB mwana aitumize yekha ndipo asunge umboni woti yalandiridwa.