Thandizeni maganizo: mzimayi wa mtundu wa amphaka mu nthano yanga akukana kukhala mphaka

Tiya_waChinkhoma

Moni nonse agulu. Ine ndili ku Kasungu kuno cha kwa Chinkhoma, ndimathandiza masteni kugulitsa mu kagolosale ndiye makasitomala akakhala kulibe ndimalemba tinkhani mu kope kenako usiku nkumakopera mu foni. Pano ndayamba nthano yaitali ndithu ya dziko longopeka, kuli anthu wamba ngati ifeyo komanso kuli mtundu wina wa anthu amphaka, amayenda ndi miyendo iwiri, amayankhula, amavala, koma ali ndi ubweya, mchira, makutu osongoka ndi zikhadabo. Mwini nkhani ndi mzimayi wa mtundu umenewu wa zaka za m'ma 30, ndangomutcha kaye Nachona podikira dzina lenileni.

Vuto ndi ili, ndalemba machaputala 4 ndiye ndinawapatsa achemwali anga kuti awerenge, atamaliza anangoti "ameneyutu ndi iwe wemwe, wangomumata mchira." Zinandiwawa koma sananame ayi. Amadya nsima ngati ine, amagona usiku ngati ine, akakwiya amanyanyala ngati ine, umphaka wake umangooneka pamene akufuna kudumpha mpanda basi. Komanso sindikufuna akhale ngati atsikana aja a m'makatuni a ku Japan ongovala timakutu nkumati miyawu miyawu kuti anyamata asangalale, ndikufuna mzimayi weniweni woti ali ndi kwawo, ntchito yake ndi mavuto ake. Ndiye tandiuzeni, munthu wotereyu tsiku lake lingamayende bwanji, khalidwe lake lingakhale lotani, nanga anthu a m'mudzi angamamuone bwanji?

MjombaWaKuSanthe

Mwanawe, siya kaye foniyo ukakhale pakhonde tsiku lathunthu uzimuyang'ana chona wa pakhomo panu, machaputala ena alembeka okha. Ine amphaka ndaweta kuyambira kalekale chifukwa cha makoswe a m'nkhokwe ndi mu shedi ya fodya. Choyamba mphaka ndi wa tulo, maola 12 mpaka 16 pa tsiku ali gone, ndipo nthawi yake yeniyeni ndi mbandakucha ndi chisisira. Tsono ganiza, m'mudzi mwako anthu akulawirira kumunda nyengo ya dzinja, makasu paphewa, iye ndi pamene akubwerera kukagona, dzuwa lili paliwombo ali pamwamba pa thandala la mbale wadzipinda. Amayi a pachitsime amutcha mlesi ameneyo, sangalephere, pomwe iye wachezera usiku wonse kulondera chimanga chawo chomwecho.

Chachiwiri nsimayo muchotsere. Mphaka thupi lake limafuna nyama, popanda nyama amadwala mpaka maso kuwonongeka. Awa athu akumudziwa amadya mkute chifukwa cha njala chabe, akatero amakasaka. Komanso lilime la mphaka silimva kutsekemera kwa shuga, ndiye Nachona wako ukamupatsa nzimbe kapena thobwa lothira shuga azingodabwa kuti anthuwa amakomedwa ndi chani. Anyezi ndi adyo kwa mphaka ndi poizoni, tsono akapita ku ukwati nkukana ndiwo zokazingira anyezi anthu aziti ndi wonyada. Ndipo nthawi ya chilimwe azikangana ndi anyamata okumba mbewa, iwo atentha tchire lonse, akumba mpaka thukuta kamukamu kuti apeze akapuku angapo oika pa mpani, iye wangokhala phee pambali pa una, khutu limodzi likutembenuka lokha, kenako gwi! wagwira. Amuda anyamata amenewo.

NaPhiri_Kamwendo

Tiya mwana wakwathu, amjomba anena za m'mimba, ine ndinene za mbumba poti mpamene ndikuona kuti nthano yakoyi ingaposere za azungu. Ine ndimaphunzitsa Biology ku sekondale ina kuno ku Mchinji ndiye izi ndimazikonda. Amphaka akakhala ambiri malo amodzi pamene pali chakudya, amene amakhazikika ndi aakazi apachibale, mayi, ana ake aakazi, achemwali, ndipo amalererana ana mpaka kuyamwitsirana, pomwe amphongo akakula amachoka nkumayendayenda. Mikango nayonso chimodzimodzi, yaikazi imafera m'gulu limene inabadwira, yamphongo ndi yobwera ndipo imatha kuthamangitsidwa ndi inzake. Tsono tandiuza, chimenechi si chikamwini chathu chomwechi? kkkk. Mtundu wa Nachona usauvutikire kuupeka, mudzi ndi wa amayi, mwamuna ndi mkamwini wodzamanga nyumba kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, akatha ukwati bambo amanyamula kampasa kake. Kungoti iwe ukhoza kukokera patali, kwa iwowo mwina ngakhale mwini mbumba si malume ayi koma gogo wamkazi.

Ndiye funso limene lingakupatse khalidwe lake ndi loti, ngati akazi a mtundu wake sachoka pamudzi, iyeyu anachokeranji nkukakhala pakati pa anthu wamba? Anathamangitsidwa? Ana ake anamwalira? Kapena anakana kuyamwitsa mwana wa mchemwali wake? Ukayankha limeneli wamupeza munthu wako.

China, mphaka wa pakhomoyu kholo lake ndi vumbwe yemweyu amatigwirira nkhukuyu. Anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu cha ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo makoswe anachuluka m'nkhokwe, avumbwe nkumabwera okha kudzasaka, palibe anawakoka ndi chingwe ngati mbuzi. Ku chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Ine ndimaona kuti mtima wa mphaka uli pamenepo, anabwera yekha mwa pangano, iwe chimanga ine makoswe, ndipo tsiku limene wamuchita chipongwe amasamuka osatsanzika. Nachona asakhale wantchito wa mfumu wogwada ndi kuwomba m'manja, akhale munthu wa pangano, waulemu koma wosapembedza munthu.

Jah_Bwande265

Sisi nkhani yake ndi yabho koma dzinalo ayi, Nachona akumveka ngati mayi ogulitsa mandasi pa depoti kkkkk. Komanso chifukwa chani mwasankha pusi wa pakhomo pomwe ku Kasungu konko muli ndi paki yonse? Mupangeni njuzi aise. Njuzi ili ndi miyendo itali itali, makutu akulu, mawanga akuda, mchira waufupi, imakonda m'madambo mu udzu wautali ndipo imalumpha nkugwira mbalame ili m'malere. Mzimayi wamtali wamawanga akutuluka mu dambo la Bua mmamawa nkhungu ili tolo, imeneyo nde filimu. Ndiye tsiku lina apite ku bwalo apeze mfumu yavala chikopa cha njuzi paphewa, anthu akuvina akusangalala, iye akuona mawanga ofanana ndi a mayi ake. Ine ndingawerenge imeneyo ngakhale bando itatsala 5 MB.

Paja izi za anthu amphaka si za ma gemu okha ayi, ku Egypt wakale anali ndi mulungu wamkazi Bastet wa mutu wa mphaka, kachisi wake anali mu mzinda wa Bubastis, komanso Sekhmet wa mutu wa mkango amene anali wa nkhondo ndi miliri. Ndiye wina woteteza pakhomo wina wolusa, mukhoza kuwaphatikiza mwa munthu mmodzi.

Mai a Chiso (kwa Chulu)

Ine ndinene zoona, nditangoona mutu wa nkhaniyi ndinati ana a masiku ano ayamba kulemba za ufiti poyera. Ndawerenga ndaona kuti ndi nthano chabe ngati za Kalulu ndi Fisi zimene tinkamvera pamoto, padangotero, tili tonse, paja nazonso nyama zinkayankhula ndi kukwatira ana a mfumu ndipo palibe ankati ndi usatana. Koma mwanawe usazembe nkhani ya ufitiyo, chifukwa owerenga ako ndi a konkuno ndipo aliyense akudziwa zimene anthu amanena akaona mphaka wakuda wachilendo pakhomo usiku, kapena akalira padenga ngati khanda. Ukailemba ngati kuti anthu a m'mudzimo akungomusekerera ndiye kuti wanama.

Kwathu kuno ndinaonapo ndi maso anga gogo wina wokhala yekha amene ankaweta amphaka atatu chifukwa cha makoswe basi, mwana wa neba atadwala malungo nkumwalira anthu anayamba kuloza nyumba yake, amphaka aja anawapha ndi miyala, gogoyo anachita kukamutenga adzukulu ake usiku. Lamulo lilipo la 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti koma pamaliro ndani amakumbuka lamulo. Ndiye Nachona wako akhale munthu amene mudzi ukumufuna nthawi yokolola koma ukumuopa nthawi ya matenda. Ifenso kuno ndi mmene timakhalira ndi nyama za mu paki, chibwerereni njovu 263 zija anazitenga ku Liwonde mu 2022 alendo amabwera kudzajambula, ife tikugona ku munda ndi zitini kuopa chimanga. Chinthu chimodzi chomwecho, wina akuti chokongola wina akuti tsoka.

NaPhiri_Kamwendo

Mai a Chiso mwandikumbutsa chinthu. Tiya, kaphokoso kaja mphaka amachita pakhosi ukamamusisita, kokhala ngati njinga yamoto ili patali, anthu amaganiza kuti ndi chisangalalo chokha koma ayi, amachitanso akavulala, akamabereka ngakhale akatsala pang'ono kufa, ndi njira yodzitonthozera. Komanso maso ake amawala usiku chifukwa kuseri kwa diso kuli kachigawo kobweza kuwala ngati galasi, nchifukwa chake amaona bwino mu kamdima. Tsono ika ziwirizi pamodzi. Mnzake wapamtima wa Nachona, munthu wamba, wamwalira. Iye wapita kukagona pa siwa ngati mzimayi wina aliyense, amayi akulira mokweza, iye misozi yachisoni alibe poti amphaka salira ndi misozi, chisoni chamugwira mpaka kaphokoso kaja kayamba kokha pakhosi sangathe kukaletsa, wina nkukweza koloboyi kuti aone, nkuona maso awiri obiriwira ali ngwee pakona pafupi ndi mutu wa malemu, akung'ung'uza ngati wakhuta. Palibe chimene walakwa, koma pofika mmawa mudzi wonse wamva kuti anakondwera ndi maliro.

Tiya_waChinkhoma

Eeeh a NaPhiri mwandiimitsa tsitsi, ndawerenga kawiri mpaka kasitomala wa sopo anachita kugogoda pa kauntala. Imeneyo ikhala chaputala 7 ndipo ndadziwa kale amene akweze koloboyiyo. Amjomba zikomo, nsima ndachotsa, dzulo ndinakhala ndikumuonera chona wathu ndipo ndaona chinthu chimene sindinkachilabadira, akakwiya salira ayi, nsonga ya mchira yokha ndi imene imagunda pansi pang'onopang'ono nkhope ili bwinobwino. Ndiye Nachona akhala mzimayi wosakweza mawu, pabwalo la milandu aziyankha mwaulemu "wawa mfumu" koma ana okhala kumbuyo kwake aziona mchira ukumenya fumbi nkuyamba kusuntha okha.

Za chifukwa chochokera kwawo ndaganiza kuti anabereka ana atatu nthawi imodzi onse nkupita chaka cha njala, ndiye sakanatha kupirira kumayamwitsa ana a achemwali ake monga mwambo wawo umafunira, anangonyamuka. Ntchito yake ndi yolondera nkhokwe za mudzi, malipiro ake nkhuku imodzi pa sabata. Tsono usiku wina apeza kuti amene akutapa chimanga si makoswe koma mphwake wa mfumu amene akuyembekezera kulowa ufumu, paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye akhala nacho mumtima mpaka pamene amuloze ufiti pamaliro paja, apo asankhe kuulula kapena kusamuka. Jah Bwande za njuzi ndatenga mawanga ndi chikopa cha mfumu chija koma dzina likhala lomweli, mayi ogulitsa mandasi nawonso ndi anthu.

Funso limodzi latsala ndipo musaseke, chitenje azimanga bwanji? Mchira uzitulukira pati?

MjombaWaKuSanthe

Azimanga chammunsi pang'ono mfundo ili kumbuyo, mchira uzidutsa pamene nsalu zakumanapo. Koma popita kwa apongozi aziupinda mkati, ndi ulemu umenewo.

Jah_Bwande265

Amjomba mwayankha msanga bwanji ngati munakhalapo naye wotero kkkkkk