Glock 19 yanga: ndisinthe barrel kapena trigger kuti zipolopolo zizigwera pamodzi?

MwanaWaKuDedza

Moni akuluakulu nonse. Funso langa likupita kwa amene mumapanga masewera owombera chandamale makamaka kuno ku South Africa. Ndinalowa kalabu chaka chatha, mapepala onse ali bwinobwino, competency (setifiketi yosonyeza kuti ndine woyenera kukhala ndi mfuti) ndi laisensi zinatuluka, ndiye ndili ndi Glock 19 Gen5 ya 9mm. Pa mamita 7 kapena 10 zimayenda ndithu, zipolopolo zimagwera malo amodzi, koma chandamale chikangopita pa 25 zimamwazika ndipo zambiri zimathawira pansi chakumanzere. Mnzanga wina akuti ndigule match barrel (mpope wa mfuti wopangidwira mipikisano), wina akuti ayi ndiikemo trigger yofewa, winanso akuti red dot (kagalasi koonetsa kadontho kofiira pochalira) basi nkhani yatha. Zonsezi ndi ndalama, kumudzi nakonso amadikira kangachepe mwezi ukatha. Ndiyambe chiti? Zida zogula paderazi zimathandizadi kapena ndi malonda chabe?

Madala_aPaRenji

Achimwene, mumawombera ndi dzanja lamanja eti? Ngati ndi choncho musathamangire kushopu kaye. Pansi chakumanzere kwa munthu wamanja nthawi zambiri ndi dzanja, osati chitsulo. Chimachitika nchakuti thupi limadziwa kuti mfuti ilira ndipo ikankha, ndiye isanalire n'komwe mumaigwetsera pansi pang'ono osadziwa, komanso chala chikamakoka trigger zala zina zitatuzi zimafinya nawo chigwiriro, mphuno ya mfuti nkupotokera kumanzere.

Onani masamu ake. Pa Glock 19 kuchoka pa saiti (kachizindikiro kochalirira ka pamwamba pa mfuti) yakumbuyo kufika yakutsogolo pali masentimita 15 ndi pang'ono. Mukasokoneza ndi milimita imodzi yokha, pa mamita 25 chipolopolo chigwera kumbali masentimita pafupifupi 16. Milimita imodzi! Pa mamita 7 cholakwika chomwecho sichifika masentimita 5, nchifukwa chake pafupi mumaona ngati zonse zili bwino.

Pangani izi mukapita ku renji: khalani pansi, manja atsamire pa thumba la mchenga, muwombere zisanu modekha pa 25. Kenako mupemphe range officer kapena wina wozolowera awombere ndi mfuti yomweyo, zipolopolo zomwezo. Zake zikagwera pamodzi ndiye mwadziwa kuti barrel ilibe mlandu. Gen5 inatuluka 2017 ndi barrel yomwe amaitcha Marksman, imeneyo imalunjika kuposa mmene ambirife tingathere titaimirira. China, mugule ma snap cap (zipolopolo zabodza zosalira), mnzanu awasakanize ndi zipolopolo zenizeni mu magazini inu osaona. Mukafika pa chabodzacho mfuti silira koma mudzaona nokha dzanja likugwera pansi. Kunyumba dry fire (kuyeserera kukoka trigger mfuti ilibe chipolopolo) tsiku lililonse mphindi khumi, koma chonde magazini kunja, muyang'ane mu chamber (malo okhala chipolopolo chodikira kuwombedwa) kawiri, zipolopolo zikhale chipinda china.

Nachisale_PTA

Madala anena zoona, ine ndingowonjezera za malamulo poti anzanu aja mwina sanakuuzeni. Kuno pansi pa Firearms Control Act 60 ya 2000, barrel payokha imawerengedwa ngati mfuti. Simungangoitanitsa pa intaneti nkulowetsa ngati mukusintha kava ya foni, pamafunika gunsmith (wokonza mfuti) wovomerezeka ndi mapepala a ku SAPS, apolisi a kuno, ndipo mukudziwa kudikira kwake. Ife obwera tiyenera kusamala kawiri, laisensi tinaivutikira.

Komanso match barrel ili ndi zake. Kuti ilunjike kwambiri amaipanga yothina, chamber yake siisiya mpata, ndiye zipolopolo zina makamaka ma reload (zodzazidwanso mu zikhokho zakale) zimakana kulowa bwino. Ndinaonapo bambo wina pa mpikisano mfuti ikumukakamira stage iliyonse chifukwa cha barrel yogula padera, pomwe yoyamba ija inkadya chilichonse. Amene imawapindulira kwenikweni ndi aja amapanga okha zipolopolo za mtovu wosakutira, poti mizere ya mkati mwa barrel ya Glock siigwirizana ndi mtovu woterowo. Inu ngati mumagula za mubokosi palibe chifukwa.

Yesani kaye zipolopolo zolemera mosiyanasiyana, 115 grain, 124 ndi 147. Mfuti iliyonse ili ndi zomwe imakonda ndipo malo ogwera amasintha ndithu, zolemerazo kawirikawiri zimagwera m'mwamba pang'ono.

Chikwanje_Durban

Ine ndisiyana nanu pang'ono akuluakulu. Nzoona kuti dzanja ndiye loyamba, koma tisamuuze mnyamatayu ngati zida sizithandiza konse. Barrel asiye, pamenepo tagwirizana. Koma masaiti? Apulasitiki aja amabwera ndi mfuti ndi otambalala, pa mamita 25 yakutsogolo imaphimba pakati ponse pa chandamale, ukuchalira chinthu chomwe sukuchiona. Ine nditaika achitsulo, yakutsogolo yopyapyala ya fibre, zinasintha sabata yomweyo ndipo mtengo wake siufika ngakhale pafupi ndi wa barrel.

Red dot nayo ndi yeniyeni makamaka maso akayamba kutopa, chifukwa umayang'ana chandamale chokha osati zinthu zitatu nthawi imodzi, komanso kadontho kaja kamakuonetsa kugwedera kwako konse ukamakoka trigger, ndi mphunzitsi wabwino. Kungoti ngati slide yanu (chitsulo chapamwamba chomwe chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira) si ya MOS, yobwera ndi malo oikapo red dot, afunika kuisema, ndalama zinanso, ndipo masiku oyamba kadonthoko kamasowa ukangotulutsa mfuti mu holster.

Ndipo tinene chilungamo, Glock 19 anaipanga yaifupi kuti izinyamulika, barrel yake ndi mamilimita 102. Glock 34 ndi 135, masaiti ake atalikirana. CZ Shadow 2 ndi yachitsulo, yolemera kuposa kilo imodzi, siidumpha kwambiri m'manja, nchifukwa chake yadzaza ku mipikisano yowombera ya IPSC. Ngati masewerawa mwawakondadi, kuli bwino kusunga ndalamazo mudzagule mfuti yamasewera kusiyana nkuthira masauzande mu 19.

Madala_aPaRenji

Za masaiti sinditsutsa a Chikwanje. Pomwe ndikufuna kuchenjeza ndi pa trigger. Ya fakitale imalemera makilo awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, inde siikoma ngati ya CZ. Koma anthu amasintha connector (kachitsulo kamkati kokhudza kulemera kwa trigger), masipuling'i, zonse nthawi imodzi, kenako striker (kachitsulo komenya chipolopolo kuti chilire) imamenya mofooka chipolopolo osalira, choopsa kwambiri nchakuti zida zina zosapangidwa bwino zimasokoneza chitetezo chamkati chomwe chimaletsa mfuti kulira ikagwa pansi. Ngati mfuti yomweyo ndi yodzitetezeranso, ine ndingati trigger isakhudzidwe. Ngati ndi yamasewera okha, apange ndi gunsmith ndipo muwerenge kaye malamulo a division yanu (gulu lomwe mumapikisanamo), ku division ya Production salola zosintha zambiri, red dot imakusamutsirani division ina.

MwanaWaKuDedza

Zikomo kwambiri nonse, inde ndine wamanja madala. Za barrel ndi SAPS sindimadziwa, mwandipulumutsa achemwali. Loweruka ndikayesa za thumba la mchenga zija ndipo ndigula ma snap cap ndi bokosi la 124 ndi la 147. A Chikwanje, saiti yakutsogolo yomwe munaikayo ndi yopyapyala bwanji, ndipo kutalika kwake munasiya kofanana ndi yakale kapena munasintha? Ndikuopa kuti ndingaike ina nkuyamba kugwera m'mwamba.