Chemistry kapena Physics: nditenge iti poti zonse ndimazikonda?

Nachisale wa ku Chamama

Moni nonse akuluakulu. Ndine mtsikana wa kuno ku Kasungu, mbali ya Chamama. MSCE ndakhoza, ndipo Chemistry ndi Physics ndiye zinandiyendera bwino kuposa zina zonse. Masamu ndinapeza credit koma yosanyaditsa. Tsopano ndi nthawi yodzaza fomu ya NCHE, bungwe loyendetsa masankho a ku mayunivesite a boma, mutu waima.

Amalume, amene azindilipirira ndi ndalama za fodya ndi soya, akuti ndilembe za udokotala kapena za uinjiniya, chifukwa digiri ya sayansi payokha mathero ake ndi choko. Koma ine mtima uli ku sayansi yeniyeniyo. Kusukulu kwathu kunalibe labu. Titration, kuja kodonthezera mankhwala ena mu ena pang'onopang'ono poyeza mphamvu yake, tinaionera patebulo la aphunzitsi, tonse titaunjikana, madzi oyera mbee n'kusanduka pinki ndi kadontho kamodzi. Chichokereni tsiku limenelo ndimafuna kudziwa chimachitika n'chiyani m'katimo.

Kodi ku yunivesite munthu angatenge zonse ziwiri? Izi amati major ndi minor zimayenda bwanji? Nanga ntchito zake zili kuti m'Malawi muno?

Wa mu labu, Lilongwe

Takunyadirani achemwali. Ine ndinadutsa ku Chanco, ku Zomba, ndipo ndinamaliza ndi Chemistry. Nthawi yathu digiri ya sayansi inali ya zaka zinayi. Chaka choyamba unkasenza maphunziro angapo pamodzi, Masamu, Chemistry, Physics, Biology, kenako chaka ndi chaka n'kumatula ena mpaka kutsala ndi lalikulu limene ukuzama nalo, ndiye major, ndi lina lothandizira, ndiye minor. Choncho kutenga zonse ziwiri n'kotheka. Kungoti chigawikireni University of Malawi mu 2021, Poly n'kukhala MUBAS, a zachipatala n'kukhala KUHeS, zambiri zinasintha. Muwerenge bwinobwino chikalata cha NCHE cha chaka chino, musadalire zathu zakalezi.

Za ntchito, amalumewo akawauze izi. Mtedza wa ku Kasungu ndi ku Mchinji ukagwidwa ndi chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin. Ndi maso simungadziwe kuchuluka kwake, mpaka wina aupere, ausungunule, auyeze mu labu, ndipo popanda zotsatirazo misika yambiri yakunja siulandira. Woyezayo ndi wa Chemistry. Ku Malawi Bureau of Standards amayeza zakudya, sopo, mafuta ophikira. Madzi a m'mipopi ya Central Region Water Board alipo amene amaona ngati chlorine wakwanira. Kwanu komweko ku Wimbe kuli fakitale ya simenti ya Shayona, ndipo simenti sapanga mongoganizira: mwala wa laimu umayezedwa usanalowe mu ng'anjo. Onjezani za shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Malo si ochuluka ngati mchenga ayi, mpikisano ulipo, koma kunena kuti kulibe ntchito si zoona.

Minor musaipepuse. Physics imagwirizana bwino ndi Chemistry, makamaka mukafika pa physical chemistry pamene anzathu ambiri ankalira. Koma kukanakhala kusankha lero, ndikanalimbikira Statistics, chifukwa ntchito ya mu labu theka lake ndi manambala.

Mphunzitsi wa ku Kapiri, Mchinji

Mwana wanga, pa zonse walembazo ine ndagwirapo chimodzi: credit ya Masamu ija. Physics ya ku yunivesite si ya Fomu 4 yoloweza mafomula. Calculus, Masamu owerengera kusintha kwa zinthu, imakupeza chaka choyamba chomwe, ndipo ukafika pa electromagnetism ndi quantum mechanics, tsamba lonse limakhala Masamu okhaokha. Ngati Masamu umawakonda koma unangosowa wokuphunzitsa bwino, usaope, amagwirika. Ngati umawazemba, Chemistry ikhale major, Physics ibwere pambuyo. Amene amatenga Physics ngati major, minor yake yabwino ndi Masamu kapena Computer Science.

Ntchito za Physics ziliko: a zanyengo, a magetsi (uja wa dzuwa ku Salima ndi wa 60 megawatts), komanso kuchiza khansa ndi cheza, kumene medical physicist ndi amene amawerengera mlingo woti wodwala alandire. Koma zambiri mwa izi zimafuna uwonjezere masters. Ukafuna njira yolunjika, ku Mzuni kuli za renewable energy, ku MUST ku Thyolo kuli za nyengo.

Tsono za chokozo zandikhudza. Masiku athu zonsezi zinali phunziro limodzi, Physical Science, ndipo atazigawa pawiri aphunzitsi ake anachepa kwambiri. Sukulu zoyendera zambiri kuno, munthu mmodzi amaphunzitsa zonse ziwiri kuyambira Fomu 1 mpaka 4. Digiri ya Education Science ku Chanco kapena ku Mzuni imakupatsa maphunziro awiri ophunzitsa, ndipo kulinso makoleji a zauphunzitsi a Domasi ndi Nalikule. Amene anakuonetsa pinki uja anali wa choko, ndipo ndi chifukwa chake lero ukufunsa zimenezi.

Mnyamata wa ku Santhe

Aphunzitsi anena zoona, koma pa Masamu ndisiyana nawo pang'ono: Chemistry nayo ali momo, simuthawa. Chinanso achemwali, amalume akakakamira za uinjiniya, dziwani kuti Chemical Engineering ya ku MUST si Chemistry yomweyo. Kumeneko nkhani ndi mapaipi, kutentha ndi makina a m'fakitale, ndipo Physics ndi Masamu ndi zambiri. Pa fomu musadzaze mapulogalamu olimbirana okhaokha, ikaniponso amene mapointi anu akufikira. Mukasankhidwa, funsirani msanga ngongole ya fizi ku Loans Board, musadikire fodya alowe ku okushoni.

Nachisale wa ku Chamama

Zikomo nonse. Masamu sindiwazemba aphunzitsi, kungoti Fomu 3 tinakhala nthawi yaitali opanda wotiphunzitsa. Ndiyamba kubwereza algebra ndi trigonometry podikira masankho. Nkhani ya chuku ija amalume aimvetsa msanga, poti mtedza amalimanso. Funso lina kwa achimwene a mu labu: ntchito yoyeserera pa tchuthi munkaipeza bwanji, sukulu ndiyo inkakutumizani kapena munkalemba nokha makalata?